Nyumba Zitatu Kupitirira Kamlatho

Anakumana Lolemba m'mawa, pa kauntala ya ofesi yokonza mapu a pa foni. Mtsikanayo anali ndi miyezi iwiri yokha pa ntchito, ndipo udindo wake unali kulemba pa msewu uliwonse dzina la mzinda umene msewuwo uli. Mizindayo inali iwiri, wakale ndi watsopano, ndipo inakula mpaka kugundana, moti ngakhale agalu sankadziwa kuti akuuwa mumzinda uti.

Mnyamatayo analowa chipewa cha njinga yamoto chili m'khwapa, nkhope ili ndwii.

"Amene akusocheretsa makasitomala a amayi anga ndani muno?"

"Mwadzuka bwanji kaye, achimwene?" anatero mtsikanayo.

Mnyamata uja anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Mkwiyo wonse umene ananyamula kuchokera kunyumba unathera pa kauntala pomwepo!

Anafotokoza bwinobwino. Amayi ake ankaphika makeke a ukwati. Mapu ankati msewu wawo uli mumzinda wakale, koma anthu onse ankautchula kuti ndi wa mzinda watsopano. Kasitomala akalemba choncho pa foni, ankakathera kuseri kwa depoti ya mabasi, kumene kunali msewu wina wa dzina lomwelo. Loweruka lapitalo keke inafika anthu atayamba kale kuchotsa mipando.

"Sitisintha dzina chifukwa munthu wakwiya," anatero mtsikanayo. "Timaona malire a khonsolo, zikwangwani, ndi makalata amene anthu amalandira. Siyani nambala yanu."

"Nambala yokha? Mtima ndiusiye pati?"

"Fomuyi ilibe malo ake."

Koma anamwetulira, ndipo Wachipewa, monga anayamba kumutchulira muofesimo, anaona.

Anabweranso mawa lake. Anabweranso mkuja. Pofika mwezi wachiwiri, njinga yake inkaima yokha pageti nthawi yoweruka, ndipo foni ya mtsikanayo sinkapuma.

"Wamapu wanga, ndasochera. Ndilondolere kumene uli."

"Pita kuntchito, iwe!"

"Ntchito yanga ndi iweyo, wokondedwa. Ndikulonjeza, ngakhale utandilemba mumzinda wolakwika, ndidzakupezabe."

Mawu oterewa ndani angawakane? Mayi wa pa desiki yapakona, amene onse ankangoti Anti, ankamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana iwe, ukuseka ndi kompyuta? Samala, amuna a njinga amadziwa njira zachidule zambiri."

Lachinayi lina masana foni inalira. Mtsikanayo anaitsegula akumwetulira kale.

"Achemwali, auzeni amayi asadandaule. Wa mapu uja ndinamugwira kalekale. Msewu usintha sabata yomweyi."

Anawerenga katatu. Uthengawo sunali wake, unasochera ngati makasitomala aja. Manja ake anazizira. Ndiye kuti maulendo onse a pageti aja, mayina okoma onse aja, zinali za msewu? Iye anali chabe batani loti munthu adine?

Anayankha mwachidule: "Uthenga wa achemwali anu wafika kwa ine. Musadzabwerenso pageti."

Foni inaitana kasanu ndi kawiri. Sanayankhe. Anakalirira kubafa, mpope atautsegula kuti Anti asamve, koma Anti anamva ndithu.

"Lira, mwana wanga," anatero atabwerako. "Ukatha, fayilo ija ikukudikirabe. Abwana akuifuna Lolemba."

Apa ndiye panali povuta. Akasintha dzina, ndiye kuti mnyamatayo wapeza chimene ankafuna. Akapanda kusintha, kodi ikhala ntchito kapena kubwezera?

Lachisanu anakwera basi yekha kupita ku msewuwo. Anauyenda wonse ndi kabuku m'manja. Wa golosale anati ndi mzinda watsopano. Wometa tsitsi anati zimadalira amene akufunsa. Mayi wina anamutulutsira kalata ya madzi, wina ya khonsolo. Pang'ono ndi pang'ono zinaoneka poyera: malire ankadutsa pa kamlatho ka pakati pa msewu. Kumtunda kunali mzinda watsopano, kumunsi wakale.

Nyumba ya makeke inali kumunsi, yachitatu kuchokera pa kamlatho. Anaidziwa ndi fungo, komanso ndi mayi amene ankaanika mathireyi pakhonde akuimba chapansipansi. Mphuno yake inali yomweija ya Wachipewa. Mtsikanayo anadutsa mofulumira, mtima ukumupweteka.

Lolemba anadula msewuwo pawiri pa kompyuta. Mzere wa malire unaima pa kamlatho, ndipo chala chake chinakhala pa mausi nthawi yaitali. Nyumba zitatu zokha! Kungokoka pang'ono, ndani akanadziwa? Koma mawa wina akanasochera chifukwa cha bodza lake. Anausiya pomwepo.

Kenako anachita chinthu chimene palibe anamupempha. Anaika kadontho pa nyumba yachitatu ija, n'kulembapo kuti pano pamaphikidwa makeke a ukwati, kuti wofuna keke azingolemba zimenezo n'kufika pakhomo. Mayi woimba uja sanamulakwire kanthu.

Analemba uthenga womaliza: "Nyumba yanu yatsala mumzinda wakale. Malire ali pa kamlatho. Nkhani yatha."

Sabata inadutsa, pageti pali zii. Anadziuza kuti zili bwino, kuti tsopano wadziwa zoona. Nanga n'chifukwa chiyani ankatembenuka njinga iliyonse ikalira?

Lolemba lotsatira, chipewa chinatera pa kauntala.

"Ngati mwabwerera msewu, sindisintha," anatero osadzutsa mutu.

"Usasinthe. Unalondola. Ndinakaima pa kamlatho paja, ndinaona chikwangwani chakale cha khonsolo chitagwera m'ngalande."

"Ndiye mukufuna chiyani?"

Wachipewa anapuma mozama. Nthabwala zonse zinali zitamuthawa.

"Sindikunamiza. Tsiku loyamba ndinabwerera msewu. Lachiwiri, msewu womwewo. Koma kuyambira lachitatu ndinkachita kuiwala kuufunsa. Kunyumba ankandiseka kuti mafuta akuthera pageti la eni, ndiye ndinadzitama kwa achemwali ngati chitsiru. Ndinachita manyazi kunena kuti wagwidwa ndine. Undikhululukire."

"Munandipweteka kwambiri."

"Ndikudziwa. Sabata yonseyi ndimafika pakona apo n'kubwerera. Ndimaopa kuti uganiza kuti ndikufunanso china."

Anatulutsa kabokosi m'chikwama. Munali kakeke kakang'ono, kataphwanyika mbali imodzi chifukwa cha mabampu.

"Loweruka makasitomala atatu anafika okha pakhomo, osafunsa njira. Amayi akuti amene anaika kadontho kaja akufuna amuone ndi maso. Ati ndikabwera ndekha ndisalowe."

Anti anatsokomola ku desiki yapakona, chifuwa chimene analibe.

Mtsikanayo anayang'ana kakeke, kenako mnyamatayo. Sanapeze chimene ankafuna, koma anabwerabe! Misozi inalengeza, ndipo ulendo uno sanakaibise kubafa.

"Ndiweruka faifi koloko," anatero.

"Ndidzakutenge?"

"Ayi, iwe ukandidikire pa kamlatho. Nyumba zitatu zotsalazo tikayenda limodzi."