Anthu Atatu M'dimba la Josiah

Dzuwa linali litapendeka pamene Teresa anatsikiranso m'chitsime cha m'dimba lake, nakwera ndi keni yothirira yodzaza matope okhaokha. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo ku Ndake kunkatentha moti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Mtsinje unali utauma kalekale. Repu wake anali atagona pansi, tomato atagwidwa ndi kangaude wofiira, masamba ali mbuu ngati wina wawaza phulusa.

Ankagwira yekha ntchito ya anthu awiri. Mwamuna wake Felix anamwalira mu Juni. Anachokera kudimba tsiku lina akudandaula kuti miyendo yalemera, m'mawa mwake lilime linatupa, tsiku lachitatu anatsirizika. Kuchipatala sanapeze malungo kapena nthenda ina iliyonse. Amuna amene ananyamula bokosi anabwerako kumanda akunong'onezana kuti linali lopepuka zedi, chikhalirecho Felix anali chimunthu chosenza matumba awiri a feteleza nthawi imodzi. Mu Ogasiti anatsatira Conrad, wokumba zitsime. Mu Seputembala anapita Simon woyendetsa ngolo. Onse anali amuna amphamvu, ndipo onse anadwala masiku atatu okha.

Kuseri kwa mpanda wa minga kunali dimba la Josiah Mumba, mkulu wake wa Felix. Josiah anali wolumala mwendo chibadwire, mkazi anamuthawa, pampu analibe. Koma kabichi wake anali wodzaza ndowa mutu umodzi, ndipo amayi ogulitsa pamsika wa Nyimba ankalimbirana tomato wake. Anthu akamufunsa chinsinsi ankangoseka. "Ni kudzuka m'mawa chabe."

Madzulo amenewo Teresa anamva madzi akukhuthulidwa kuseriko. Anadabwa, poti Josiah anali atapita ku Nyimba ndi makireti a tomato. Keni inagunda pamwala. Mapazi ankakwekwereza, kupita ndi kubwera, popanda wotsokomola kapena woyankhula. Kenaka kamphepo kanabweretsa fungo la dothi lonyowa, ndipo m'kati mwake munali fungo lina, longa la khoswe wofera kudenga.

Anagwada, nasuzumira pampata wa minga.

Anali amuna atatu, atandondozana kuchokera pachitsime kupita kumabedi, mitu itazolika. Wapatsogoloyo anavala shati yabuluu ya kwaya, imene Teresa mwini anaipereka kuti Felix aikidwe nayo m'manda.

"Atate a Karen," ananong'ona.

Munthuyo anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono. Anali atawonda mpaka mafupa, mapewa atasupuka ndi kunyamula. Anatsegula pakamwa, koma m'kamwamo munalibe lilime, munali kachitsa kakuda. Madzi a m'keni anatayikira pamapazi pake. Chimene chinamupweteka kwambiri Teresa n'chakuti maso aja anamuzindikira.

"Mulamu, mwataya chani mu mpanda?"

Josiah anali atabwerako, ataima kumbuyo kwake, atatsamira ndodo.

"Palibe, alamu."

"Pitani kunyumba. Mwana ali na njala." Anamupatsa pulasitiki ya tomato, monga ankachitira sabata iliyonse chimwalirire Felix. Teresa analandira ndi manja awiri. Atafika panjira anakumbukira miyezi inayi imene iye ndi mwana wake Karen anadya ndiwo za tomato ameneyo, ndipo anasanza mpaka kum'mero kunawawa.

M'mawa anapita kwa Lillian, mlongo wake wa Felix, namuuza zonse.

"Mwauzako ndani?" anafunsa Lillian.

"Inu chabe."

"Khalani chete. Nizaona chochita."

Lillian sanali munthu woipa mtima. Anangopita kukafunsa mlongo wake Josiah ngati n'zoona.

Patapita masiku awiri, Teresa anafika kudimba dzuwa likutuluka napeza mabedi ake onse ali nyowe. Chitsime chake chinali chouma gwa. Tsiku lotsatira zinachitikanso, ndipo linzakelo chimodzimodzi. Repu anadzuka, nabiriwira pakati pa madimba ofota a anzake. Teresa anayesa kuphimba mabediwo ndi udzu. Anayesa kuzula mbewu zina n'kuzikwirira. Koma dothi lonyowa mu Okutobala limanunkhira patali.

Woyamba kufunsa anali Rachael, mkazi wa malemu Conrad, amene dimba lake linali kumunsi.

"Amake Karen, madzi muwatenga kuti?"

"Sinidziwa."

"Simudziwa?"

Rachael anayang'ana mabediwo nthawi yaitali, nachoka osatsanzika. Pofika Loweruka, amayi ankaleka kucheza Teresa akafika pamjigo. Wina anakumbutsa anzake kuti iye ndi amene anaphikira Conrad nthawi imene ankakumba chitsime cha Felix. Wina anati Simon anamunyamulirapo manyowa pangolo. Ena anati anthu a ku Mozambique anabwera ndi mankhwala awo pothawa nkhondo. Makolo a Teresa anachokeradi kumeneko, koma iye anabadwira kumsasa wa othawa nkhondo wa Ukwimi, ndipo ku Mozambique anali asanapondeko.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, Josiah anaima pakhomo misozi ili chuchuchu. Anati mng'ono wake wakhala akumudzera m'maloto akulira ludzu, ndipo anapempha anthu kuti amuperekeze kumadimba. Anapita khamu, atavala zakutchalitchi. Pamtengo wogwiriziza tomato m'dimba la Teresa panali patakolekedwa shati yabuluu ija, m'matumba muli dothi lofiira la kumanda. Pansi pake panali chingwe cha Conrad ndi chikwapu cha Simon.

"Ali kwa iwo!" Teresa anakuwa, akuloza Josiah. "Nawaona na maso anga! Pitani mukaone dimba lawo!"

Anapitadi. Dimba la Josiah linali lisanathiriridwe sabata yathunthu. Kabichi anali atafota, dothi litang'ambika.

"Onani, abale," anatero Josiah motsitsa mawu. "Ine ndine wolemala. Chitsime changa chauma monga chanu."

Rachael ndiye anayamba. Anatola keni yachitsulo namumenya nayo Teresa pakamwa, mano awiri nagwera m'bedi la repu. Ena anatsatira ndi ndodo za tomato. Mayi amene ankaimba naye kwaya anamuthira dothi m'maso. Achinyamata anathamangira kumudzi kukatentha khitchini yake. Karen, wa zaka zinayi, anathamangira mayi ake akulira, koma Lillian anamugwira dzanja.

"Mwana wa mlongo wanga sangakule na mfiti."

"Alamu, inu mudziwa zimene ninakuuzani!"

Lillian anayang'ana kumbali, namunyamula mwanayo.

Anthu anamuuza Teresa kuti dzuwa la mawa lisamupeze m'mudzimo likalowa. Palibe amene anafuna kumuperekeza kumsewu waukulu, kupatula Josiah. Anamangirira katundu wake panjinga, nayenda naye akutsimphina, ndipo anthu oima m'makomo anati munthu uyu ali ndi mtima wa Mulungu.

Anaima awiriwiri pansi pa mtengo, kudikira basi ya ku Petauke. Teresa ankayankhula movutikira, milomo itatupa.

"Dimba tengani. Mwatenga kale. Koma atate a Karen alekeni apumule."

"Apumule?" Josiah anaseka pang'ono. "Mvula ili pafupi, mulamu. Kuli chimanga, kuli thonje."

"Ni mng'ono wanu. Mimba imodzi."

"N'chifukwa chake agwila na mtima wonse." Anapukuta thukuta pakhosi. "Vuto ni limodzi. Madimba lomba ni awili, ndipo amuna aja ali na manja olemela. Amathyola mbande. Kuwokela anyezi kufuna manja a mzimayi."

Basi inafika. Kondakitala anaponya katundu kumbuyo, ndipo Teresa anakhala pawindo. Pamene basi inayamba kuyenda anacheuka.

Josiah anali atagoneka njinga. Anagwada ndi bondo lake labwino lija pamalo pamene Teresa anaima, nakokolola dothi la mapazi ake ndi chikhatho mosamala, kuti pasatsale kanthu, nalithira m'kapepala ka shuga. Anamanga kapepalako, nakaika m'thumba la shati. Kenaka anadzuka, nakweza dzanja kumutsanzika.