Diso Lofiira m'Galimoto ya a Chavula

Chimene chinayamba kumudabwitsa Magdalene chinali kayendedwe ka mphaka wake. Mphakayo anali wakuda bii, ndi kamzere koyera pakhosi ngati kolala ya mbusa, moti banja lonse la a Chavula ku Mhuju linkamutchula kuti Dikoni. Anali mphaka wodzisunga. Sankavundukula mapoto, sankalira popanda chifukwa, ndipo makoswe a m'chipinda chimene Magdalene ankasungiramo ufa wa masikono ankamudziwa bwino. Koma tsiku lina m'nyengo yozizira, anthu atadya kale chakudya chamadzulo, Dikoni analowa m'nyumba akudzandira, miyendo yakumbuyo ikutsutsana ndi yakutsogolo. Atafika pakati pa chipinda anaima, nayang'anitsitsa khoma lopanda kanthu. Maso ake anali atada onse, ndipo dovu linkatsikira pachibwano.

"Abambo a Luntha, tamuonani mphakayu," anatero Magdalene kwa mwamuna wake Horace, amene ankachonga mayeso a ana a sukulu patebulo.

"Wadya buluzi ameneyo," anayankha Horace osadzutsa mutu. "Mawa adzuka bwino."

Nthawi yomweyo supuni inagwa pasimenti. Dikoni anadumpha m'mwamba ngati wapsa, nagwa chammbali, n'kungokhala pomwepo akuyang'ana mchira wake ngati wa mlendo. Tsiku lotsatira anagona mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo atadzuka anali Dikoni wakale uja.

Sizinkachitika madzulo aliwonse, koma zinkabwerezabwereza. Mdima ukagwa mphaka ankasowa, ndipo pobwera ankabwera ali munthu wina.

Amene anabweretsa nkhani ya galimoto anali Hellen, mlongo wake wa Horace, yemwe nyumba yake inali pabwalo lomwelo. Kuseri kwa nkhokwe, pansi pa mtengo wa mango, panali galimoto yakale ya Pijo itakhala panjerwa. Mwini wake anali a Manasseh Chavula, bambo wa Horace ndi Hellen, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito ndiponso mkulu wa mpingo. Ulendo womaliza wa galimotoyo unali wotengera akazi awo, NyaMhango, kuchipatala chaka chapitacho. Mayiwo sanabwereko amoyo, nayonso galimoto sinalirenso. Palibe ankaikhudza.

"Alamu, ine sindikunena kanthu," ananong'ona Hellen m'mawa wina pachitsime, akuyang'ana uku ndi uku. "Koma dzulo ndikuchokera kuchimbudzi ndinaona diso m'galimoto muja. Limodzi, lofiira. Limayaka, n'kuzilala, n'kuyakanso. Ndiye munkamveka kung'ung'udza nyimbo ija amama ankaikonda. Ndinauma thupi lonse. Kenaka pansi pa galimoto panatuluka mphaka wanu, akuvina."

"Akuvina?"

"Akuvina, alamu. Ine sindikunena kanthu."

Koma kanthu kananenedwa, chifukwa sabata isanathe msika wonse wa Mhuju unali utamva. Magdalene anali wochokera ku Ntcheu, ndipo ngakhale anakhala pakati pa Atumbuka zaka zambiri, ena ankamutchulabe kuti mlendo. Anthu anayamba kukumbuka kuti masikono ake anayamba kuyenda malonda chaka chomwe apongozi ake aakazi anamwalira. Ena ankati Magdalene anawasunga mayiwo m'galimoto muja, ndipo mphaka ndiye mthenga wopita nawo mauthenga. Ena ankati masikonowo amafewa chomwecho chifukwa amene amakanda ufa usiku ndi malemuwo.

Atamva koyamba Magdalene anaseka mpaka kupukuta misozi. "Akanakhala kuti amandikandira, bwenzi mapewa anga akuwawa chonchi?" Koma kuseka kunachepa ataona makondakitala a minibasi, amene kale ankalimbirana beseni lake, akudutsa patali ngati pali njoka. Madzulo ankabwerera ndi beseni lodzaza, masikono atayamba kuuma.

Kenaka Hellen anabwera kudzanena kuti Loweruka abale adzakumana pakhonde la adada. Thumba linali litapezeka kale loti adzaikemo mphaka n'kukamutaya kumtsinje, ndipo azakhali ena ankafuna kuti aitanitse mlosi adzayeretse pabwalo. A Manasseh, amene anali atakhala pampando wawo akusisita mawondo awo otupa, anangoti, "Mphaka alibe mlandu. Pakhomo pa Mkhristu tisamalankhule zotere." Koma ananena motsitsa mawu, maso ali pansi, ndipo palibe anawamvera.

Lachinayi magetsi anazima dzuwa litangolowa. Mphepo yozizira inkatsika kumapiri n'kumaliza malata, ndipo mdima unali wakuti ukatambasula dzanja sukuliona. Dikoni sanabwere pa nthawi yake. Magdalene anatsuka mbale, anakanda ufa wa mawa, anaitana pakhomo, koma kunja kunkangomveka masamba a mango akuwayula. Atatsegulanso chitseko kachiwiri phazi lake linagunda chinthu chofewa. Mphaka anali atagona pa sitepe, atadzikodzera, thupi lili zii, akupuma pang'onopang'ono ngati akuiwala.

Anamukulunga m'chitenje n'kukhala naye pafupi ndi mbaula, atamufungatira pachifuwa. Kwa nthawi yoyamba mantha anamugwira. Mwina kunalidi chinthu m'galimoto muja. Anaweramitsa nkhope yake pa ubweya wa mphakayo kuti amve ngati mtima ukugundabe, ndipo ndi pamene fungo linamulowa m'mphuno. Linali fungo lolemera, lotsekemera ndi lowawa pamodzi, ngati masamba aawisi akupsa. Analidziwa. Ali mtsikana, mayi ake ankagulitsa mbatata padepoti ku Ntcheu, ndipo kuseri kwa mabenchi, kumene kunkabisala anyamata oitanira mabasi, kunkanunkha chimodzimodzi.

Anayamba kuseka mwakachetechete, mapewa akugwedezeka.

"Mwatani?" anafunsa Horace, nkhope itasintha.

"Dikoni wathu wapeza anzake oipa," anatero. "Tamununkhizani."

Horace ananunkhiza, nayetsemula. "Chamba ichi. Ndiye kuti pali munthu amene akulowa m'galimoto ya adada."

Pofika m'mawa mphaka anali atafunda ndipo ananyambita madzi pang'ono. Madzulo ake Magdalene anamutsekera m'chipinda cha ufa, natenga tochi. Horace anatenga mpini wa khasu n'kumamutsatira, koma patali ndithu, akunena kuti msilikali wanzeru amateteza kumbuyo.

Magetsi anali asanayakebe. Anadutsa nkhokwe akuponda mosamala kuti masamba ouma asalire. Galimoto inkaoneka ngati chinyama chakuda chogona pansi pa mtengo. Poyamba munalibe kanthu. Kenaka, kumbali ya woyendetsa, kadontho kofiira kanayaka, kanakula, n'kuzilala. Mkati munkachokera kung'ung'udza kwapansipansi, nyimbo ya kutchalitchi yoimbidwa mochedwa ngati pamaliro. Tsitsi la Magdalene linanyanyuka ngakhale ankadziwa kuti mizukwa sisuta. Anasendera pafupi, chala chili pa batani la tochi.

Nyimbo inadukiza, ndipo munthu anatsokomola.

Chifuwa chimenecho aliyense pabwalopo ankachidziwa. Chinkayamba ndi kukonza pakhosi kuwiri, ngati munthu wofuna kulengeza zidziwitso za mpingo. Kumbuyo kwake Magdalene anamva mpini ukugwa pansi, ndi mapazi a msilikali wanzeru uja akubwerera kunyumba mofulumira.

Sakanatha kuwalitsa tochi pankhope ya apongozi ake aamuna. Anaiika m'thumba, nagwada pafumbi chapatali ndi chitseko, monga ankachitira powapatsa madzi osamba m'manja.

"Adada, ndine."

Kenaka zenera linatsika likulira, ndipo utsi unatuluka ngati m'chigafa chimene chagwira moto.

"Anyina Luntha," anatero a Manasseh ndi mawu aang'ono. "Dikoni ali kuti? Lero sanabwere."

"Dzulo anatsala pang'ono kutisiya, adada. Ndinamutola pa sitepe atazizira."

Mkuluyo anazimitsa ndudu ija pa chitseko. Analankhula akuyang'ana kutsogolo, pagalasi lodzaza fumbi. Anati chimwalirireni akazi awo tulo sankationa, ndipo mawondo ankawabaya ngati muli misomali. Mnzawo wina wa ku Mwazisi anawapatsa kamtolo n'kuwauza kuti n'kothandiza. Ankatseka mawindo onse kuti fungo lisafike kunyumba. Mphaka ankalowera pabowo lapansi pamene padadyeka ndi dzimbiri, n'kukhala pa mpando wa NyaMhango, ndipo iwo ankamuimbira.

"Koma sindinamupatseko ngakhale kamodzi," anatero. "Ndimati mwina amadya zina kutchire. Kodi utsi wokha ungagwire mphaka?"

"Mawindo munatseka, adada. Chimene mumapuma inu, iyenso amapuma chomwecho. Inu ndinu munthu wamkulu, iye thupi lake n'lokwana m'chipewa chanu."

"Ndipo zimene akukunenerani kumsika ndinazimva. Ndimati zizizira zokha." Anapumira m'mwamba. "Ndinaopa manyazi, mwana wanga."

"Sindinabwere kudzakuchititsani manyazi. Kungoti masikono anga akuuma, ndipo mawa kuli thumba."

Loweruka abale anadzaza pakhonde. Thumba linali pansi pafupi ndi mapazi a Hellen, ndipo azakhali aja anali atayamba kufotokoza za mlosi wa kutsidya amene sanalepherepo. A Manasseh anaimirira ndi ndodo yawo, nakonza pakhosi.

"Musavutike ndi mlosi," anatero. "Mzukwa wa m'galimoto ndine. Diso lofiira lija inali ndudu yanga, ndipo mphaka amaledzera ndi utsi wanga."

"Ndudu ya fodya wanji, adada?" anafunsa Hellen.

"Fodya wamkulu."

Nkhuku inadutsa pabwalo ikutolatola. Kenaka azakhali aja anaphimba kukamwa ndi mpango, thupi likunjenjemera, ndipo kuseka kwawo kutaphulika kunatenga khonde lonse. A Manasseh anadikira mpaka kutatha. Anati kamtolo kotsalako akataya m'chimbudzi, abusa akawauza okha asanamve kwa ena, ndipo Horace awaperekeze kuchipatala ku Livingstonia kuti madokotala akaone mawondowo. Anatembenukira kwa Magdalene pamaso pa onse, nati, "Mkamwana wanga, ndinakulakwirani. Mundikhululukire."

"Yewo, adada," anayankha iye atagwada.

Hellen anapinda thumba lija bwinobwino n'kulikhalira. "Ine sindinanenepo kanthu, alamu," anatero.

Lolemba a Manasseh anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kukakhala pa benchi pafupi ndi beseni la Magdalene kumsika. Anagula sikono, anaidya pang'onopang'ono anthu akuona, ndipo aliyense wofunsa ankamufotokozera okha nkhani yonse. Ena ankabwera kudzagula, ena kudzangoona mkulu wa mpingo amene analedzeretsa mphaka, koma nawonso pochoka ankanyamula kanthu m'pepala. Dzuwa lisanapendeke beseni linali litayera.

Amene anachedwa kukhululuka anali Dikoni. Madzulo a tsikulo mkuluyo anakhala pakhonde, natambasula dzanja lili ndi kamutu ka usipa, akumuitana mofatsa. Mphaka anabwera akuyenda mowongoka, mchira uli m'mwamba. Ananunkhiza usipa, ananunkhiza mkono wa jekete, anayetsemula, n'kutembenuka kupita kukakhala pamiyendo ya Magdalene.

A Manasseh anayang'ana kamutu ka usipa kali m'dzanja lawo, napukusa mutu akumwetulira.

"Uyu walapa kale," anatero. "Wanditsogolera."