Ulusi Wofiira M'kolala

Tsiku limene anamva makinawo koyamba, mayi Manjambiri anali kutsekera nkhuku zawo. Dzuwa linali litangolowa, kunja kukuonekabe. Anatola mazira otsala n'kuwaika m'mbale, ndipo akumanga chitseko cha khola ndi waya anamva phazi likupalasa makina osokera: tchaka-tchaka-tchaka. Anaima duu. Makina awo anali m'nyumba, atawafunditsa nsalu ndi manja awo omwe. M'mudzi monsemo makina ena anali a telala, koma a telalawo anali ataikidwa m'manda masabata awiri apitawo.

Phokosolo linkachokera kuseri kwa mpanda wawo, kumene kunali nyumba yakale ya njerwa yosungiramo katundu wa kampani, yopanda mawindo. Anamvetsera mpaka linasiya lokha. Kenaka anadziuza kuti ndi kutopa chabe, nalowa m'nyumba.

Dzina la Manjambiri anawapatsa ndi amayi anzawo a pamjigo, ndipo poyamba linali la nthabwala. Mayiwa anagwirapo ntchito m'tauni zaka khumi ndi zinayi, pafakitale yosoka mayunifolomu. Lachisanu lina anawapatsa kalata ya mizere itatu, wa pageti n'kuwasecha chikwama ngati mbala. Chaka chomwecho amuna awo anamwalira. Anabwerera kumudzi, m'nyumba imene anamanga ndi malemuwo, ali ndi makina amodzi, mwana wamkazi wa kusekondale yogonera konko, ndi lumbiro loti sadzadaliranso ntchito imodzi.

"Ntchito imodzi ndi mpando wa mwendo umodzi," ankatero. "Wina akangoukankha, wagwa chagada."

Ndiye m'mamawa ankakhala kukhola. Dzuwa likakwera ankakhala pamakina. Padenga anaika sola, anthu n'kumabweretsa mafoni kudzatchaja. Loweruka ankaluka atsikana tsitsi pakhonde. Chitopa chitapha nkhuku theka, makina anawadyetsa. Nsalu zitasowa, mafoni analipirira mwana sukulu. Ndipo gogo akabwera ndi kafoni kake kakale kuti amve mawu a mwana wake wakutali, mayiwa ankangomutchajira, n'kumupatsa mpando pamthunzi.

Amene sankaseka nawo dzinali anali alamu awo, akulu ake a malemu amuna awo. Iwowa anali mlonda wa nyumba ya katundu ija, ntchito yomwe anaigwira zaka makumi awiri ngakhale kuti katundu analeka kubwera kalekale. Makiyi ankawapachika palamba, akamayenda n'kumalira.

"Mlamu, munthu waulemu amakhala ndi ntchito imodzi," anatero tsiku lina ataima pampanda. "Osati izi zothamanga uku ndi uku ngati nkhuku yosowa poikira."

"Alamu, nkhukuyo pomaliza imaikira ndithu," anayankha mayiwo akuseka, nawapatsa mazira anayi.

Anawalandira osathokoza. Maso awo anali pa malata a denga.

Mayi Manjambiri anali ndi chizolowezi chimodzi chimene anabwera nacho kufakitale. Kumeneko mnzako akadwala, mumagawana ntchito yake kuti abwana asaone mpata. Choncho a telala atadwala nthenda yachilendo, manja akuzizira kuyambira kunsonga za zala mpaka kulephera kugwira singano, mayiwa anapita kukatenga zovala zosamalizidwa. Anazisoka kwawo, n'kuzibweza kuti ziperekedwe m'dzina la mwini wake. Chimodzi chokha sanachite. A telala, munthu wamanzere, ankamaliza chovala chilichonse ndi kamfundo ka ulusi wofiira mkati mwa kolala, kuti akachiona pamsewu adziwe ntchito yawo. Mayiwa kamfundoko sanakaike.

"Chizindikiro ndi cha mwini wake," anauza mkazi wa a telala, mayi wofatsa woluka majuzi. "Akachira adzaika okha."

Sanachire. Amene anasambitsa mtembo anatuluka osayang'anana. Patapita masiku mmodzi anaulula kwa mkazi wake kuti thupi linali litazizira, koma zala zinkasuntha pang'onopang'ono, ngati zikukankhira nsalu pansi pa singano. Maliro atatha, wamasiyeyo anabweretsa sizasi ya malemu ataikulunga m'kansalu.

"Tengani, asisi. Kwanga ingochita dzimbiri."

Mwezi wotsatira anadwala mayi wophika buledi. Nthenda yomweyo. Mayi Manjambiri ankadzuka kukawakandira ufa kuti makasitomala asathawe. Atamwalira, mwana wawo wa kutauni anasiya zitini zophikira kwa mayiwa, ndipo anthu a m'mudzi omwewo ndi amene anawapempha kuti apitirize kuphika. Kenaka anadwala mkulu wosoka nsapato wa pansi pa mtengo wa mango. Mayiwa sankadziwa kwenikweni za nsapato, koma anamaliza za ana atatu asukulu, mkuluyo akuwalangiza ali chigonere. Iyenso anapita, kahamala kake katatsala kwa mayiwo.

Apa m'pamene mudzi unayamba kumva zimene mayi Manjambiri anamva madzulo aja. Ufiti timaudziwa kuti ndi wa mumdima, koma uwu sunkachita manyazi ndi dzuwa. Masana, anthu ambiri ali kuminda, mphepo inkabweretsa fungo la buledi wotentha pamene uvuni wa malemu unali wozizira, mbuzi zikugona pambali pake. Kunkamveka makina. Kunkamveka kahamala, kho, kho, kho, n'kupuma, monga mmene mkulu uja ankapumira akamatsokomola. Agalu analeka kudutsa njira ya kumeneko. Ndipo zonsezi zinkachokera mbali ya nyumba ya mayi Manjambiri.

"Mwamva?" ananong'ona mayi wina pamjigo.

"Tamva. Tsitsani mawu."

"Dzulo iwo ali kumsika ndi mazira, ndinawaona ndi maso angawa. Kunyumba makina akulira."

"Nanga akupalasa ndani?"

"Mukundifunsa ine? Aliyense amene amukandira ufa, amene amusokera, mawa lake maliro."

"Ndiye ntchito yake n'kukhala yawo."

Ndowa inadzaza mpaka kusefukira, palibe anaichotsa.

Anthu sanadziwe kuti mayiwo anali ndi mantha kuposa onse. Ankadziwa kuti phokosolo silikuchokera m'nyumba mwawo. Tsiku lina madzulo anazungulira mpanda, napeza alamu awo atakhala pa njerwa pakhomo la nyumba ya katundu. Loko inali yatsopano. Pansi pa chitseko pankatuluka kafungo ka mafuta a makina, kosakanikirana ndi fungo la dothi lonyowa.

"Alamu, muli chiyani m'menemu?"

"Makoswe."

"Makoswe sasoka, alamu."

Bamboyo anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Mwatha za telala, za buledi, za nsapato. Tsopano mwabwerera yanga? Ulondanso mukuufuna?"

Mawa lake mawu amenewa anali atafika khomo lililonse: akufunanso ya alamu awo.

Anthu a m'mudzi anabwera Lachiwiri m'mawa, mayiwo akumwetsa nkhuku. Anali ambiri, ena mafoni awo akadali patebulo m'nyumbamo akutchaja. Analowa osaodira. Anatulutsa sizasi, zitini ndi kahamala, n'kuziyala pabwalo. Alamu awo anaima pakati, makiyi akulendewera.

"Abale anga, ine sindinaphunzire," anayamba. "Koma ndikudziwa kuti munthu ali ndi manja awiri. Mlamu wangayu nkhuku, makina, mafoni, tsitsi, buledi, nsapato. Akugwira ndi manja a yani?"

"A akufa!" anakuwa wina kumbuyo.

Mayi Manjambiri anafunafuna nkhope imodzi m'khamulo, naipeza. "Asisi, sizasi iyi munandipatsa ndinu. Auzeni."

Mkazi wa a telala anayang'ana anthu, nayang'ana pansi. Anali ndi ana atatu, ndipo anadziwa kuti woikira mfiti kumbuyo amatsatira mfitiyo. "Sindikukumbuka bwino," anatero, mawu ake osamveka n'komwe.

"Ndiye tsegulani nyumba ya katunduyo," anatero mayiwo. Sanakweze mawu. "Tsegulani muone. Mukapeza makoswe, ndinyamuka ndekha."

Mitu ingapo inatembenukira kuseri kwa mpanda. Anthu ena mumtima anafuna kunena kuti inde, titsegule. Koma kutsegula kunali kuona, ndipo palibe ankafuna kuona.

"Katundu wa kampani satsegulidwa chifukwa mfiti yalamula," anatero mlondayo. Wina anaseka, ena n'kutsatira, ndipo mnyamata wina anaponya njerwa padenga. Sola inasweka. Anawapatsa mpaka kulowa kwa dzuwa kuti achoke m'mudzimo.

Mayiwo anamanga katundu okha. Mafoni anawaika pakhonde mwadongosolo, iliyonse ndi chingwe chake, kuti eni ake asavutike. Wakabaza wina, amene mayiwa anamusokerapo buluku usiku woti mawa ali ndi mlandu, anabwera mwakachetechete n'kumanga makina panjinga yake. Atafika kumsewu anakana kulandira kanthu. Potuluka paja, pachipata mayiwo anapeza kabotolo ka mafuta a makina katakulungidwa m'kansalu kofanana ndi kaja ka sizasi. Anakayang'ana, nakatenga.

"Kufakitale anandipatsako kalata," anauza wakabazayo akudikira basi. "Kuno ngakhale kalata ayi. Nanga mwana akatsekera sukulu ndikamuuza kuti kwathu n'kuti?"

Wakabazayo anawakwezera makina m'basi, naima pamsewu mpaka fumbi litatha.

Sabata isanathe, alamu aja analowa m'nyumbamo, poti inali ya mng'ono wawo. Chipinda chakumaso anachisandutsa sitolo. M'mawa uliwonse munkakhala buledi wotentha. Munali mayunifolomu a misinkhu yonse. Nsapato yong'ambika ukaisiya lero, mawa unkaipeza itasokedwa. Zonse pa theka la mtengo.

"Zimachokera kutauni," ankatero.

Galimoto sinabwerepo. Msewu wopita kunyumba ya katundu unameranso udzu mpaka m'mawondo. Phokoso lija silinathe, linachita kuwonjezeka, koma tsopano anthu ankangoti ndi zimene anasiya mfiti ija, n'kutseka mawindo. Buledi anali wokoma ngati wa malemu uja. Izi aliyense anazizindikira ndi lilime lake, koma ankadya.

Sukulu zili pafupi kutsegulidwa, mkazi wa a telala anagulira mwana wake wamkulu shati kusitoloko. Madzulo anakhala pakhonde kuti alembe dzina la mwanayo mkati mwa kolala. Anaitembenuza. Pakona panali kamfundo ka ulusi wofiira, komangidwa kuchokera kumanzere. Ulusiwo unali watsopano, wosachapidwapo.

Sanalire. Anapinda shatiyo, naitenga, nadutsa kuseri kwa mpanda kunja kukuonekabe. Makina ankalira mkati mwa njerwazo. Anagunditsa chipumi pakhoma, linali lofunda.

"Bambo a ana?" anaitana chapansipansi. "Ndi ine."

Makina anaima.

Anamva kupuma kwa munthu wotopa kwambiri, pafupi, kuseri kwa njerwa imodzi yokha. Kenaka kumbuyo kwake makiyi analira, ndipo mkatimo makina anayambanso, mothamanga, ngati wantchito amene wamva phazi la bwana.

"Mwasochera, mayi?" anafunsa mlondayo mwaulemu.

"Ndimangodutsa."

"Shatiyo yachepa? Tikhoza kusintha."

"Ayi, ili bwino."

"Chabwino." Anamwetulira. "Paja inu mumaluka majuzi, eti? Nthawi yozizira yayandikira. Anthu akhala akundifunsa kusitolo."

Anatambasula dzanja kuti atsazike. Mayiyo, poti analeredwa mwaulemu, analilandira asanaganize.

Atafika kunyumba anakoleza moto kuti ana adye. Anakankha nkhuni ndi zala, moto ukunyambita khungu, koma kunsongako sanamve kutentha. Anaika zalazo m'khwapa, anaziuzira mpweya. Zinali zozizira ngati mwala wa pamtsinje.

Pampando panali juzi ya mwana wa eni, yotsala mkono umodzi, singano zolukira zili chibayire. Anaiyang'ana nthawi yaitali. M'mudzi monsemo munali munthu mmodzi yekha amene akanagogoda mawa m'mawa n'kunena kuti bweretsani, asisi, ndikumalizireni. Ndipo munthuyo anam'pempha chinthu chimodzi chokha pabwalo paja, iye n'kuyankha kuti sakukumbuka.