Mwala Wosanduka Mchenga

Ellina anakumana ndi Benedicto mu 2006, pa ofesi ya bungwe lina lokumba mijigo ku boma la Chiradzulu. Ellina ankataipa makalata. Benedicto anali injiniya wochokera ku Blantyre.

"Achimwene, tsiku lonse maso pakompyuta, mukuonera chiyani?"

"Madzi a pansi pa nthaka. Ndimalemba malamulo, iyo imamvera. Ndikati apa ndi mchenga, madzi amadutsa. Ndikati mwala, amaima. Malire a mapuwa ndimatseka kapena kutsegula ngati mpopi. Kenako imandiuza pokumba."

"Ndiye nthaka yonse imakuopani?"

"Koma ine ndimaopa maso akowo."

Mtsikana anaseka. Basi, anali atagwa kale!

Benedicto anamuphunzitsa kuwerenga malamulowo mzere ndi mzere. Foni nayo sinkapuma: "Duwa langa, mjigo woyamba ndikumba kwanu ku Milepa. Madzi akangotuluka, ankhoswe anga afika."

Amayi ake a Ellina, otopa ndi madzi a kudambo, anauza mpingo wonse. Mudzi unaumba njerwa. Galimoto yokumba inabwera, inaboola masiku atatu. Mamita sikisite, fumbi lokhalokha!

"Mayi, madzi aja mkamwini wanu wamwa yekha?" anthu ankawafunsa panjira.

Benedicto anatumiza uthenga: "Dali, nthaka yatinamiza. Ndili ku Blantyre, ndibwera." Kenako sabata ziwiri, zii.

Ellina anatsegula kompyuta ya mu ofesi momwe Benedicto ankasungira ntchito. Anapeza fayilo yotchedwa "ellina". Lipoti la oyeza nthaka linanena poyera kuti malo aja ndi mwala. Koma mzere umodzi wa Benedicto unasandutsa mwala wonsewo mchenga. Mzere wina unatsegula malire a kuphiri, oyenera kukhala otseka, kuti madzi asefukire m'mapu. Madzi abodza!

Ellina analira, komabe mtima unkamuikira Benedicto kumbuyo. Kodi si chikondi chinamunamizitsa? Kodi sankangofuna kumukondweretsa?

Atapukuta maso anaona fayilo ina pansi pake: "habiba". Mizere yomweyo, bodza lomwelo, mudzi wa ku Magomero.

Anamuimbira.

"A Bene, Habiba ndi ndani?"

"Dali, ndi dzina la fayilo chabe."

"Ndiye nanenso ndine dzina la fayilo?"

Ellina anapitiriza:

"Galimoto yokumba ikupita ku Magomero Lolemba. Iyenso mwamulonjeza ankhoswe?"

"Ellina, zamakompyutazi iwe sungazimvetse..."

"Munandiphunzitsa ndinu."

Foni inadulidwa. Sinaliranso.

Ellina anakhala pansi. Mu fayilo ya Habiba anabwezera mwala pamalo pake, anatseka malire, nayendetsa pulogalamu. Mapu a Magomero anauma gwa.

Anasindikiza mapuwo pa mapepala awiri. Limodzi anasiya patebulo la abwana. Linalo analipinda, nakwera njinga ya hayala.

Ku Magomero anamupeza Habiba akutsogolera amayi kulambula malo a mjigo, akuimba.

"Achemwali," anatero Ellina, "auzeni amayiwa asiye makasu."