Kumene Anakwirira Mchombo wa Mwandida

Namtondo ankameza ndowa zikwi zisanu ndi zinayi dzuwa lisanafike pamutu. Anthu anamupatsa dzina limeneli chifukwa cha kusinja kwake, koma anali chimakina chachikulu ngati tchalitchi, chokhala pansi pa nsanja ya pakati m'mudzi wa Kumsanja, kuchigwa cha Shire. Ntchito yake inali yopanga msakanizo, chinthu chodzalamo mbewu chomwe chinalowa m'malo mwa dothi. Pakamwa pake pankalowa mankhusu a mpunga, zotsala za nzimbe, makala ndi msakanizo wakale wotopa. M'mimba mwake ankazipera n'kuziphika ndi nthunzi mpaka kachilombo kalikonse kafe, kenako n'kuthiramo chakudya cha mbewu pamodzi ndi timakutu.

Timakutu tinali timakina tating'ono ngati njere za mawere. N'timene tinkauza Namtondo kuti ndowa yakuti yauma, yakuti yatha mphamvu, ndiponso kuti ili pakhonde la ndani. Ikakwana miyezi itatu tinkaitana tokha, ndiye akangaude, maloboti okwera zipupa, ankabwera kudzakhuthula ndowayo ndi zonse zili m'menemo. Madzulo ake ankabweretsa msakanizo watsopano. Palibe ankagona ndi njala ku Kumsanja. Zimenezo zokha tisamunamizire Namtondo.

Dothi lenileni linali loletsedwa. Madzi osefukira anali atameza midzi ya kuchigwa zaka makumi atatu m'mbuyomo, ndipo nthaka yomwe inatsala inagwidwa ndi matenda owoletsa mizu, oti supuni imodzi yokha inkatha kumaliza mbewu za nsanja yonse. Anthu anasamukira m'nyumba zosanja zomangidwa pa zipilala pamwamba pa madzi, ndipo ana ambiri anakula osaliponda dothi n'kamodzi komwe.

Sankhulani Jasi anagwira ntchito kwa Namtondo zaka khumi ndi chimodzi. Iye ndiye ankatsegula chipata choti msakanizo wakale ugwere m'chopera. Makinawo ankawakonda zoti anzake ankamuseka kuti ali ndi mitala, ndipo iye sankakana. Anali munthu wofatsa, wa ulemu wopyola muyeso. Ulemuwo ndi umene unadzamulowetsa m'mavuto.

Mkazi wake, Tinenenji, anabereka mwana wamkazi atadikira zaka zisanu ndi zitatu, ndipo anamutcha Mwandida. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mchombo unagwa. Amayi ake a Tinenenji, a Nangondo, omwe anabwera kuchokera ku nsanja ya kumwera kudzasamala mwana, anaukulunga m'kansalu n'kunena kuti m'bokosi la zowotcha za kuchipatala suponyedwamo iwo ali moyo. Mchombo amakwirira, ndipo pomwe waukwirira ndiye kwawo kwa munthu. Tinenenji anagwirizana nawo. Anauza mwamuna wake kuti mchombo wake wa iye uli pansi pa madzi kumudzi wakale, inde, koma akaima pakhonde amatha kuloza n'chala kuti kwathu ndi uko. Ankafuna kuti mwana wake naye adzakhale ndi poloza.

Koma akanaukwirira pati? M'ndowa za Namtondo sizikanatheka, poti akangaude akanadzakhuthula. Sankhulani anaganiza kwa masiku awiri, kenako anati apanga yekha msakanizo ndi manja, wopanda kakhutu ngakhale kamodzi, woti makina asaudziwe n'komwe. Lamulo linkaletsa dothi basi. Za munthu wosakaniza zinyalala pakhonde pake silinanenepo kanthu, chifukwa palibe anaganiza kuti alipo wamisala wotero.

Zinali zovuta kuposa momwe ankaganizira. Anakapempha mankhusu kuchigayo cha mpunga n'kuwawotcha m'chitini chobowola, akutembenuza osapuma kuti ade bii koma asasanduke phulusa. Ulendo woyamba anasanduka phulusa ndithu, ndipo utsi unachititsa anansi kutulutsa mitu m'mawindo. Zotsala za nzimbe anaziviika n'kuzitsuka katatu, chifukwa shuga akatsalamo amaitana nyerere ndi nkhungu. Makoko a mtedza anasinja mu mtondo wobwereka. Manyowa a nyongolotsi anamupatsa mnzake wina yemwe ankaweta nyongolotsizo m'bokosi pansi pa sinki. Anathiramonso zigoba za mazira zopera, pang'ono pokha.

Chinatsala n'choti madzi azidutsa osadikha. Namtondo ankagwiritsa ntchito timiyala topepuka topangidwa kufakitale, koma timeneto tinkabwera titasakanikirana kale ndi timakutu. Apa Tinenenji analoza njerwa yomwe ankatsekerezera chitseko. Bambo ake anaichotsa pakhoma la nyumba yawo tsiku lomwe bwato linabwera kudzawasamutsa. Sankhulani anaitembenuza m'manja kwa nthawi yaitali. Njerwa ndi dothi la kumudzi lomwe moto unapha matenda ake, ndipo pazaka zonsezo sanaganizepo zimenezo. Anaiswa ndi hamala kukhala timiyala ngati nzama. Tinenenji analowa m'nyumba kuti asaone.

Anasakaniza zonse pa thumba loyala, magawo atatu a mankhusu, awiri a nzimbe, awiri a manyowa, limodzi la makoko ndi limodzi la njerwa, akuwazamo madzi pang'onopang'ono. Kenako anatapa dzanja limodzi n'kufinya. Linatuluka dontho limodzi, mpira unaumbika, ndipo ataukhudza ndi chala unaphwanyika bwinobwino. Mtima wake unachita kuti myaa. Zaka khumi ndi chimodzi akupanga msakanizo, aka kanali koyamba kuugwira ndi manja.

Kukwirira mchombo si ntchito ya mwamuna, choncho ndowa inayenera kupita m'manja mwa a Nangondo. Ndiye pali nkhani. Sankhulani ndi apongozi ake ankapewana monga mwa mwambo, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Iye ankatsokomola asanalowe, iwo n'kutembenukira kukhoma. Akakumana pakhomo la bafa, aliyense ankabwerera chambuyo, mpaka bafalo linkakhala lopanda munthu onse awiri atapanikizika. Mawu ankadutsira mwa Tinenenji. Anthu ena masiku amenewo ankatumizirana uthenga ndi apongozi kudzera pa kompyuta ya m'nyumba, koma nkhani ya ndowa iyi Sankhulani sanafune kuti makina aimve.

Ndiye anauza mkazi wake kuti akawauze amayi asathiremo china chilichonse m'ndowamo, makamaka msakanizo wa Namtondo, chifukwa cha timakutu. Tinenenji anali asanagone bwino kwa sabata, mwana ali kubere. Anakafikitsa uthengawo kuti bambo a Mwandida akuti ndowa yakwanira, musavutike n'kuwonjezera. Sankhulani ali kuchipinda china anamva kuti mawu apita operewera. Anadzuka, anafika mpaka pachitseko, anaona msana wa apongozi ake, koma anachita manyazi. Anabwerera n'kudziuza kuti amva ndithu.

Mchombo anaukwirira m'mawa, amayi awiriwo ali okha pakhonde, ndipo pamwamba pake anazikapo kamtengo ka chammwamba komwe mnansi anawadulira. Patatha masiku khumi kanaphuka timasamba. Tinenenji ankatuluka nako kamwana kukakaonetsa ndowayo, akukauza kuti kwanu ndi kuno, amayi, musadzasochere. Sankhulani ankaseka, koma naye ankayamba wasuzumira pakhonde asanavule nsapato.

Lachitatu la sabata yachinayi, atangotsala pang'ono kupita kukadya, foni ya Sankhulani inalira kuntchito. Tinenenji sankamveka bwino chifukwa cholira. Anati anapita kusikelo ndi mwana, ndipo pobwera anapeza ndowa ili mbee, yotsukidwa, itavundikiridwa bwinobwino monga amachitira akangaude. Sankhulani ananena kuti sizingatheke, munalibe kakhutu m'menemo. Kenako kunamveka phokoso la foni ikulandidwa, ndipo anamva mawu omwe anali asanalankhulepo naye chikwatire.

“Bambo a Mwandida, ndine. Ndalakwa ndine,” anatero a Nangondo. “Ndinatapa dzanja limodzi m'ndowa yanga ya tomato n'kubwera nalo m'mpango. Kwathu mchombo sukwiriridwa m'dothi la mkamwini lokha, pamafunika la kuchikazi. Ndinkayesa mukundiletsa pondimvera chisoni kuti ndingatope.”

“Ayi, amayi, wolakwa ndine,” anayankha Sankhulani, ataimirira ngati ali pamaso pawo. “Ndikanakuuzani ndekha.”

Atadula foni anazindikira kuti timakutu ta m'ndowa ya tomato ija tinali titakwanitsa miyezi itatu n'kuitana akangaude, ndipo anayang'ana wotchi. Zonse zomwe akangaude anatolera m'mawa umenewo zinali zitagwera m'chopera nthawi ya teni koloko. Chipatacho anatsegula ndi iye mwini, ndi dzanja lake, akuimba mluzu.

Anapita pagalasi la kompyuta lomwe ankalankhulirapo ndi Namtondo n'kufunsa za ndowa ya nsanja yachinayi, khomo 612. Namtondo anayankha mwaulemu monga mwa masiku onse. Anati za m'ndowayo anazilandira, ndipo msakanizo wake unali wachilendo koma wabwino kwambiri, woposa wake pa kasungidwe ka madzi. Anafunsa ngati Sankhulani akumudziwa amene anaupanga.

“Munali kanthu kena m'menemo,” anatero Sankhulani. “Kokulunga m'kansalu.”

“Ndinakaona. Kanyama kouma, magalamu awiri. Ndinakapera pamodzi ndi zina zonse.”

“Ungakapeze?”

“Sindingathe, a Jasi. Kali paliponse mu mtanda wa msakanizo wa lero. Koma musadandaule, sikavulaza mbewu. Chaka chino chokha ndalandira totere mazana awiri ndi khumi ndi kamodzi.”

Sankhulani anakhala pansi pa mpando. Anafunsanso kuti wati tingati, ndipo Namtondo anabwereza. Anawonjezera kuti chiyambire ntchito yake talowa toposa zikwi zisanu ndi chimodzi, tina m'kansalu, tina m'kapepala, tina tomangidwa ndi ulusi wakuda. Sanauzepo munthu chifukwa palibe anamufunsa, ndiponso sankadziwa kuti n'chiyani. Ankangoona kuti timabwera kuchokera m'nyumba momwe mwangobadwa mwana.

Ndiye kuti amayi a ku Kumsanja sanasiye mwambo wawo. Aliyense ankakwirira mwakachetechete m'ndowa ya pakhonde, akudziwa kuti akangaude abwera, n'kumadzitonthoza kuti miyezi itatu ndi yabwino kuposa moto wa kuchipatala. Aliyense ankayesa kuti ali yekha. Ndipo popeza Namtondo sankataya kanthu, koma kupera n'kugawanso, michombo yonseyo inali ikuzungulirabe m'makonde a mudziwo. Sankhulani anaganiza za mpiru womwe anadya dzulo lake, za anzake a kuntchito omwe anali ndi ana, za mwana wa mnansi yemwe anawadulira chammwamba uja. Anamva chisoni, ndipo pansi pa chisonicho panali kanthu kena komwe sanakadziwe dzina.

“A Jasi, kugunda kwa mtima wanu kwakwera,” anatero Namtondo. “Ngati mtandawu uli ndi vuto ndingathe kuuimitsa n'kuuwotcha wonse. Mabanja zikwi zisanu ndi zinayi adikira masiku khumi kuti adzale. Ndiimitse?”

Sankhulani anayang'ana msakanizo wakuda ukutsika pa lamba, ukufuka nthunzi. Kuuimitsa sikukanamubwezera kanthu. Kukanangomaliza kuwotcha chomwe a Nangondo anakana kuti chiwotchedwe, n'kugonetsa anthu ndi njala pamwamba pake. Anatambasula dzanja n'kutapako pang'ono, zomwe malamulo a pantchito sankalola. Unali wofunda ngati mutu wa khanda.

“Usaimitse,” anatero. “Ugawe.”

Anaweruka dzuwa likadali m'mwamba, ndipo m'malo mokwera chikepe anayenda wapansi pa mlatho wolumikiza nsanja, kuti apeze nthawi yokonza mawu okauza Tinenenji. Mawuwo sankabwera. Akanapanga msakanizo wina, mankhusu ndi nzimbe zinalipo zambiri, koma mchombo munthu amakhala nawo umodzi.

Akangaude anali atayamba kale kugawa. Ankakwera zipupa za nsanja zonse khumi ndi ziwiri nthawi imodzi, aliyense atabereka thumba, n'kumaima khonde ndi khonde. Amayi ankatuluka kudzalandira, ena ali ndi mbewu kale m'manja. Sankhulani anaima pakati pa mlathowo akutembenuka pang'onopang'ono, kuyesa kutsatira ndi maso komwe matumbawo ankapita, mpaka khosi linamuwawa.

Tsiku lina Mwandida adzakula n'kufunsa kuti kwawo n'kuti, ndipo bambo ake anadziwa kuti chala chimodzi sichidzakwana.