Ndeshi Asesa Chipululu

Ndeshi ankafuna kuti alendo akonde kwawo.

Kwawo ndi ku Namibia, m'mphepete mwa chipululu. Uku mchenga, uko mchenga. Ngakhale mu tiyi mumakhala mchenga.

Bambo ake amawatchula kuti Tate. Tate amaonetsa alendo tinyama ta m'chipululu. Amatsata mapazi a tinyamato pamchenga.

M'mawa wina Tate anapeza mapazi a nanzikambe kuseri kwa nyumba. Alendo anali atamufunafuna masiku atatu. Tsikulo linali lawo lomaliza.

Tate anapita kukadzutsa alendo.

Ndeshi anatuluka. Anaona timizeremizere pamchenga.

"Alendo aone uve umenewu? Ayi," anatero.

Anatenga tsache la Meme, mayi ake. Anasesa. Anasesanso. Ndeshi ndi katswiri wosesa, tisamunamizire. Sipanatsale kamzere ngakhale kamodzi.

Tate anafika ndi alendo. Anayang'ana pansi. Anayang'ana tsache.

"Ndeshi, mapazi aja ali kuti?"

"Anali mapazi, Tate? Ine ndimayesa zinyalala."

"Mwana wanga, dziko lonseli ndi mchenga. Umati umaliza liti?"

Ndeshi sanaseke. Alendonso sanaseke. Mayi wina wokalamba anabweza kamera m'chikwama.

"Tabwera kutali," anatero chapansipansi.

Alendo anapita kukamanga katundu. Tate anakhala pamwala. Anavula chipewa. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Ndeshi anakhala pansi. Tsache linamulemera m'manja. Misozi inagwera pamchenga.

"Ndikanafunsa kaye," anatero. "Ndikanangofunsa."

Dzuwa linakwera. Mchenga unayamba kutentha.

Kenako Ndeshi anaona kanthu. Pamene anasesa paja panali kamzere katsopano. Kamodzi kokha. Kankapita kukachitsamba.

"Tate, bwerani pang'onopang'ono. Tsache ndalisiya."

Tate anagwada. Anatsata kamzereko ndi chala.

Pansi pa kachitsamba panali nanzikambe. Diso limodzi linayang'ana Tate. Diso lina linayang'ana Ndeshi.

"Sanakukhululukire ameneyu," anatero Tate. "Thamanga, kaitane agogo aja."

Mayi uja anatulutsanso kamera. Anajambula mpaka woyendetsa galimoto analiza hutala.

Madzulo Meme anafunafuna tsache lake.

"Ndabisa," anatero Tate. "Mwanayu akalipeza, mawa tidzuka chipululu palibe."

Ndeshi anabisa nkhope pamsana pa Meme.

"Mawa ndikudzutsa m'mamawa," Tate anamuuza. "Ukaphunzire mapazi."

"Ndi zinyalala zomwe, Tate?"

"Eya. Zonse ziwiri, mapazi ndi zinyalala."