Makalata a Mzime Akutha Usiku

Chinayamba ndi mpando. Madzulo aliwonse aNesi ankaukankhira pansi pa tebulo la kompyuta, koma kukacha ankaupeza utakokedwa, utapendekera kukhomo ngati wina wadzukapo mothamanga. M'nyumbamo ankakhala awiri okha, iwo ndi amuna awo aKalipentala, ndipo aKalipentalawo chipinda chimenecho sankachiponda n'komwe.

Kompyutayo inali yakale, ya bokosi lalikulu lolira ngati firiji. Anaigula ndi mzime wawo asananyamuke kukagwira ntchito pa sitima zapamadzi. Tsiku lonyamukalo bambo ake anamuimira pakhomo, utuchi uli mbuu m'tsitsi, n'kumuuza kuti akangotaya shopu ya matabwa, iwo alibenso mwana. Mnyamatayo anapita ndithu. Kwa zaka zingapo ankalembera mayi ake imelo mlungu uliwonse, mpaka tsiku limene m'malo mwa kalata kunabwera bokosi la maliro. Kumanda aKalipentala sanagwetse msozi, ndipo atabwerako analamula kuti mwanayo asatchulidwenso m'nyumba muno. Mitima ina, abale inu, ndi ya mwala.

ANesi anasonkhanitsa makalata onse a mwana wawo mu foda imodzi ya pulogalamu ya imelo, imene ankaitcha nkhokwe. Kwina kulikonse kunalibe, pakuti pulogalamuyo ikalandira kalata inkaichotsa pa intaneti n'kuisunga m'kompyuta momwemo. Mawu a mwana wawo anatsala mmenemo basi.

Tsiku lina ataweruka kuntchito kwawo kuchipatala anatsegula nkhokwe ija kuti awerenge kalata yoyamba, imene mwanayo ankadandaula kuti nyanja ikumusanzitsa. Kalatayo panalibe. Yachiwiri panalibenso. Anapukuta magalasi, nayang'ana mu bini ya pulogalamuyo, koma munali mbee. Mawa lake makalata ena anali atasowa, mkuja enanso, ndipo sankasowa chisawawa ayi. Ankatha mwa ndondomeko, kuyambira akale kutsikira kwa atsopano, ngati mbewa yoyambira thumba kumsonga.

"Ndani akugwira kompyuta ya mwana wanga?" anafunsa aNesi patebulo mwaukali.

AKalipentala sanadzutse mutu m'mbale. "Ine ndi zala izi? Ngakhale poyatsira sindipadziwa. Ndipo ndinanena kale kuti nkhani imeneyo ayi muno."

Usiku umenewo aNesi anagona khutu lili tcheru. Iwo ndi amuna awo anasiyana zipinda chiikireni maliro, choncho anali okha mumdima, akumvera mpopi wa kubafa ukudontha ndi malata akuthetheka chifukwa cha kuzizira. Tulo titayamba kuwaba, anamva kulira kuja kwa bokosi la kompyuta, kwapansipansi, kukudutsa m'khoma. Kenako kadinidwe kamodzi: the! Padutsa nthawi yaitali, yaitali kwabasi, kenako kenanso: the! Munthu amene wasambitsa mitembo yosawerengeka kuntchito anafunda bulangete kumutu ngati kamwana, ndipo m'mawa anadzikwiyira koopsa.

Nkhani ya m'nyumba sichedwa kutuluka. Mayi wa nyumba yoyandikana nawo anati amaona kuwala kobiriwira pazenera la chipindacho pakati pa usiku, ndi mthunzi wa munthu wowerama wosagwedera. Wogulitsa pagolosale anawonjezera zake, akuti mthunziwo ulibe mutu. Achemwali awo a aNesi anabwera dala kudzanong'oneza kukhitchini.

"Mwana uja anachoka ndi mkwiyo, iwe. Akutenga mawu ake. Akamaliza adzatenga chiyani?"

"Achemwali, mundikhululukire, koma zimenezo muzikanena kwanu," anayankha aNesi akuponya supuni musinki. "Mwana wanga sangandibere ine. Chondibera ndichipeza, kaya ndi chamoyo kaya ndi chakufa."

Anakaitana mayi wina wokonza makompyuta, wa shopu yoyang'anana ndi siteji ya basi. Mayiyo anakhala pampando uja chigawo chonse cha masana, akutsegula mafayilo odzaza ndi zilembo zosamveka, aNesi ali chilili kumbuyo kwake manja ali m'chiuno.

"Amayi, mwayi wanu ndi wakuti pulogalamuyi ndi yaulesi," anatero potsiriza. "Kalata ikafufutidwa sichoka nthawi yomweyo. Imangoikidwa chizindikiro kuti isaoneke, koma imakhala ili momwemo mu fayilo. Ndachotsa zizindikirozo. Taonani."

Makalata anatsika pasikirini ngati mvula, onse, kuyambira ija ya kusanza. ANesi anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu.

"Koma mumve bwino," anapitiriza mayiyo. "Nthawi zina imatulutsa kabokosi kofunsa m'chizungu ngati mukufuna kuti ipanikize mafoda ipeze malo. Mukavomera, zonse zofufutidwa zimasesedwa kotheratu, ngakhale ine sindingazibweze. Ndipatseni flashi tikopere onse pompano."

Flashi m'nyumbamo munalibe, ndipo mayiyo yake anali ataisiya kushopu. Anati angathe kunyamula bokosilo akakopere komweko, koma aNesi anakana kwamtuwagalu. Mkwiyo unali utawakwera kumutu. Ankafuna kompyuta igone pomwepo ngati nyambo, kuti chakubacho chibwere achigwire ndi manja awo. Flashi agula mawa, anatero.

Mawa lake mnzawo anadwala kuntchito, iwo n'kugwira mashifiti awiri motsatizana. Atafika kunyumba anapeza theka la nkhokwe litapitanso. Anatukwana mokweza mpaka galu wa aneba anauwa, koma anadzitonthoza kuti mayi uja adzawabweza. Usiku anazimitsa kompyuta ndi dzanja lawo, nakabisala kuseri kwa chitseko cha chipinda chawo, chitsulo chochotsera matayala a njinga chili m'manja. Kutopa kulibe ulemu. Anagona ali chikhalire pansi.

Chinawadzutsa ndi kulira kuja. Khonde lonse linali bii, kupatula kamzere ka kuwala pansi pa chitseko cha chipinda cha kompyuta. Anayenda chokwawira kukhoma, simenti ikuwaluma kumapazi. Mkatimo munkamveka kunong'ona, mawu okhuthala, otchula liwu limodzilimodzi ngati mwana wophunzira kuwerenga. Kenako: the! Ukali unaposa mantha. Anakankha chitseko ndi phazi.

Pampando panali aKalipentala, atavala kabudula ndi vesiti, mphuno itatsala pang'ono kukhudza sikirini, chala chawo chokhakhala chili pa mausi.

"Inu!" anakuwa aNesi. "Inu, bambo ake mwana? Mfiti ya m'nyumba mwanga ndinu?"

Bambowo anadzidzimuka mpaka mpando unalira. "Amake mwana, tadikirani…"

"Ndidikire chiyani? Munamuthamangitsa ali moyo, sizinakukwaneni? Mwati mumuthamangitsenso atafa? Mukufufutiranji makalata a mwana wanga?"

"Kufufuta? Ine sindifufuta kanthu. Ndikamaliza kuwerenga ndimangotseka, apa." Analoza kachizindikiro kopingasa pamwamba pa kalata. Kanali kofufutira. Kotsekera kanali pakona ina, kutali.



"Ndikangotseka, kalata imathawa," anapitiriza bamboyo. "Ndinkati ndi iyeyo akundilanda, sakufuna ndiwerenge. Dzulo nditapeza onse abwerera ndinati mwina wandikhululukira, ndiye ndinayambanso poyamba, ndikudutsa msanga amene ndinali nditawerenga kale. Ndimafuna ndione ngati pena pake anandifunsako."

"Munthu wamkulu ngati inu! Pakamwa munali napo pa chiyani? Zaka zonsezi osandifunsa ine, n'kumadzikuza ngati tambala, usiku n'kumakwawa ngati mphemvu!" Anawakankha paphewa n'kulanda mausi. "Chokani! Bola sikanatuluke kabokosi kofunsa."



"Kanatuluka," anatero aKalipentala pansipansi. "Kanatchinga mawu. Ndinadina kuti kachoke."

ANesi anakhala pansi, pasimenti penipeni. Mu nkhokwe munatsala timakalata towerengeka ta miyezi yomaliza. Ija ya kusanza, ija ya tsiku limene mwanayo anaona namgumi, ija yowaseka kuti amalemba ndi chala chimodzi, onsewo anali atapita kosabwerera. Sanalire. Anayang'ana mwamuna amene anakhala naye moyo wonse, ndipo anamuda ndi mtima wawo wonse.

"Sanakufunseni," anatero. "Mwamva? Ngakhale kamodzi."

"Ndaona," anayankha bamboyo.

Kenako china chinawabaya aNesi m'mutu.

"Ndani anakuphunzitsani kuyatsa? Pasiwedi ndimaidziwa ndekha."

AKalipentala anawayang'ana modabwa. "Si inu mumaisiya yoyaka? Ine ndimaipeza choncho, kalata yotsatira itatsegulidwa kale. Ndimadzuka ndikamva kuitana."

"Kuitana kwa ndani?"

"Amangoti, 'Ababa.' Kamodzi kokha, chapansipansi."

ANesi anali atazimitsa kompyutayo okha, mpaka kuona kanyali kake katathima. Anadzuka nazula chingwe kukhoma. Sikirini inathima, mdima unawagwera onse awiri. Anafwanthula mawaya akumbuyo mopapasa, nakumbatira bokosi lolemeralo ndi timakalata take totsalato, napita nalo kuchipinda kwawo. Anakhoma chitseko ndi kiyi n'kukhala pabedi, bokosi lili pamiyendo, lidakali lofunda.

Sanadziwe kuti anakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Mpopi unkadontha. Kenako panamveka mapazi osavala nsapato m'khonde, akubwera pang'onopang'ono, n'kuima pakhomo pawo. Kugogoda kwake kunali kwa chala chimodzi.

"Amake mwana," ananong'ona aKalipentala panja. "Mwaiyatsanso eti? Nditsegulireni, chonde. Akundiitana mmenemo."

ANesi anayang'ana pansi mumdimamo. Chingwe cha magetsi chinali chikulungire m'dzanja lawo.